Kumene Mzinga wa Bambo Unaloza

3 Juni

Wokondedwa Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino kutsidya la nyanja kumeneko ndi kuzizira kwako. Kuno tilipo, ine ndi makina anga osokera, Bambo ndi makani awo. Kalata yako yomaliza yayamba kuchita chikasu m'kabati, ndiye ndati ndiyambe ndine, poti mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nkhani ndi maso a Bambo. Amathira tiyi pambali pa kapu, kenako n'kunena kuti ndasuntha kapu ndine. Akamayenda m'khonde dzanja silichoka pakhoma. Dzana anapereka moni kwa chidole chija ndimayezerapo madiresi, n'kudandaula kuti alendo a masiku ano sayankha. Ndinaseka, koma nditalowa kuchipinda kuseka kunatha.

Ndinapita ndekha kuchipatala cha maso, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo anandipatsa khadi loti ndidzabwere nawo kumapeto kwa Sepitembala. Nditawaonetsa anati, "Maso amene amaona timiyezi ta Jupita sapimidwa ndi tochi ya mwana wa dzulodzuloli." Tinakangana mpaka makasitomala anga anayamba kusuzumira pawindo. Pomaliza tinapangana chonchi: chaka chino akamuona Jupita pa mzinga wawo, ndiwasiya. Akalephera, akwera basi popanda kuwiringula.

Mzingawo ukuukumbuka, telesikopu ija anapanga ndi paipi ya madzi ndi magalasi ogula, iwe uli ku pulayimale. Chipumireni pa ntchito yawo yoyeza malo, chaka chilichonse amakhala patebulo ndi buku la manambala, pensulo ndi rula, kuwerengera kumene mapulaneti adzakhale, n'kulemba pakalendala. Chaka chino bukulo lili ndi fumbi. Akuti osindikiza achita umbombo ndi inki, manambala achepa. Akuti ndikuuze iwe, amene unkawagwirira tochi, uwawerengere mbali imene Jupita adzaonekere ndi kutalika kwake kuchokera pansi. Msana wawo sulolanso kunyamula paipi ija, choncho woloza ndidzakhala ine. Ulembe zomveka kwa telala, chifukwa ine kumwamba ndimangodziwako mwezi ndi mvula.

Ndipo utiuze kuti ukubwera liti. Iwo safunsa, koma basi iliyonse ikaima pamsewu amasiya kutafuna.

Mlongo wako,
Chisamba

14 Julaye

Achemwali,

Moni kwa inu ndi kwa Bambo. Kalata yanu yandipeza ndili moyo, ngakhale zala zanga sizikudziwa. Ndikadali m'nyumba yozizira ija, kunyamula makatoni a nsomba kuchoka pa lole kupita pa shelefu. Ndikaweruka ndimafungatira ketulo ngati mwana.

Za maso a Bambo, inu mumakonda kukuza zinthu. Munthu wamkulu kupatsa moni chidole si matenda, ndi ulemu wochuluka. Ndiye mwandisangalatsa kwambiri pondiuza kuti andipempha ine. Zaka zonse zija ndinkangogwira tochi, akati ndiwerengere ndekha ankafufuta. Lero akufuna manambala a Mzime. Kalatayo ndinaiwerenga kawiri pa sitima.

Pafupi ndi pamene ndimagona pali laibulale, ndipo muli kompyuta imene imadziwa kumwamba. Umangolemba tsiku ndi ola, iyo n'kukuuza mbali imene pulaneti ili ndi kukwera kwake. Zimene Bambo amatuluka nazo thukuta masiku atatu, iyo imatha usanaphethire. Musawauze zimenezo, angakane kudya.

Muchite motere. Kuyambira pakati pa Sepitembala, mukatha kudya madzulo, mutuluke kuseri kwa nyumba. Mutenge kampasi ya Bambo ya kuntchito ija, muyang'ane kummwera. Mutambasule mkono, mufumbate chibakera, muyambire pamene thambo lakumana ndi nthaka, n'kumasanjikiza zibakera kukwera m'mwamba, monga Bambo ankatiphunzitsira. Mukafika zibakera ziwiri ndi theka, Jupita ali pamenepo. Ndajambula papepala lina kuti musasokonezeke. Inenso kuno ndidzamuonera mbali yomweyo, pamwamba pa denga la siteshoni, ndiye tidzakhala ngati tili pakhonde limodzi.

Za kubwera, mapepala anga sanatulukebe. Ndikatuluka m'dziko muno panopa, sadzandilolanso kulowa, ndipo zaka zonsezi zipita pachabe. Akuti mwina chaka chamawa. Muwauze Bambo kuti chaka chamawa mzinga ndidzanyamula ndine.

Mlongo wanu,
Mzime

24 Sepitembala

Mzime,

Moni wa chimwemwe, ndipo lero ndikupatsa ulemu wako: mutu wako uja si wongovalira chipewa. Bambo amuona Jupita.

Ndinachita zonse monga unalembera. Kummwera kwathu kuno ndi kumpanda wa makaniko woyandikana nafe uja, pamwamba pa thanki yake ya madzi. Ndinasanjikiza zibakera ngati munthu wofuna ndewu ndi thambo, ndinakweza paipi, ndinamanga zomangira zake. Bambo anabwera, anayendetsa dzanja pa paipiyo kuyambira kumunsi mpaka kukamwa. Mtima wanga unali m'mwamba. Kenako anawerama, anaika diso, n'kunena kuti, "Ndi uyo. Timiyezi tinayi, tiwiri uku, tiwiri uku. Mwana uja waphunzira."

Ndinati nane ndione. Mzime, ndinangoona mdima ngati ndasuzumira mu mphika. Ndinapukuta diso, ndinasintha lina, chimodzimodzi. Bambo anaseka n'kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine zinanditengera zaka, iwe ukufuna lero lomwe?" Ndinachita manyazi. Ine amene ndimalowetsa ulusi pa singano osayang'ana kawiri, kugonja kwa munthu amene ndimati sakuona.

Panali nyenyezi ina yowala kwambiri pamwamba penipeni pa denga lathu, yoti kuiyang'ana khosi limapweteka. Ndinawafunsa dzina lake. Sanadzutse n'komwe mutu, anangoti, "Nyenyezi wamba, zilipo zambiri."

Pangano ndi pangano. Khadi la kuchipatala lija ndapatsa amayi a makaniko, amene diso lawo likutuluka misozi, kuti tsikulo lisapite pachabe. Kunena zoona ndapepukidwa. Ndinali nditayamba kuwerenga mipando ya m'nyumba muno kuti ndi iti ndichotse panjira. Tsopano ndikugona tulo.

Madzulo alionse timatuluka. Iwo amandiuza mmene timiyezi tasinthira malo, ine ndimangovomera. Andiuza kuti ndikulembere mawu awa, poti dzanja lawo akuti likunjenjemera: "Mzime wanga, manambala ako ndalandira. Dzanja lako lolemba likadali loipa. Uzivala zofunda."

Ndi zomwezo. Munthu wakuyamikira pamaso panga, koma papepala akuti dzanja loipa.

Mlongo wako,
Chisamba

26 Novembala

Mzime,

Moni, ngati ukadali ndi maso owerengera makalata a anthu. Miyezi iwiri osayankha. Kapena kuyamikiridwa kuja kunakukhutitsa?

Kuno sizili bwino. Sabata yatha ndinasiya simbi yotentha patebulo losita, ndikukatsegulira kasitomala. Bambo anabwera kufuna wailesi yawo, n'kuigwira simbiyo ndi dzanja lonse, masana dzuwa lili phwee pawindo. Chikhatho chonse chatupa matuza. Pamene ndinkawamanga bandeji sanabuule n'komwe, anangoti ndimaika zinthu mosalongosoka.

Asiya kupita pabenchi ya kwa ometa tsitsi, kumene ankakhala ndi anzawo. Akuti nkhani za kumeneko zatha mchere. Ometayo anandiimitsa pamsewu n'kundiuza kuti tsiku lomaliza Bambo anakhala pa mwendo wa munthu.

Koma chimene chandisowetsa mtendere ndi ichi. Mvula yayamba, ndipo Lachitatu kunali mtambo wokhawokha, wakuda bii, kopanda ngakhale nyenyezi imodzi. Ine ndinatulutsa mzinga mwa chizolowezi, maganizo ali pa diresi la ukwati limene ndachedwa nalo. Bambo anaika diso n'kuti, "Lero titatu kumanja, kamodzi kumanzere." Ndinayang'ana kumwamba, ndinayang'ana iwo. Dontho linandigwera pamphumi. Ndinati, "Bambo, kuli mitambo." Anati, "Panali kampata, wachedwa kuyang'ana."

Iwe amene umadziwa zinthu izi, ndiuze: galasi lija limaboola mtambo? Ndiuze kuti limaboola. Ndikuopa, Mzime, ndipo ndilibe wina womuuza. Kuchipatala akuti tsiku lina lopezeka ndi la mu Januwale.

Yankha msanga.

Chisamba

29 Novembala

Achemwali,

Sindikudziwa ngati mwandilembera, kuno sikunafike kanthu chifikireni kalata yanu yachimwemwe ija. Ndinachedwa kuyankha chifukwa cha ntchito, komanso ndinkaona ngati zonse zili bwino. Musawawerengere Bambo kalata ino. Muwerenge muli nokha.

Dzulo ndinapita ku laibulale kuti ndikuwerengereni manambala a miyezi ikubwerayi. Pali mayi wina wachikulire amene amasonkhanitsa anthu okonda nyenyezi kumeneko. Anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti ndikulembera ndani. Nditamuuza za Bambo ndi kumene amakhala, analoza kabokosi kena pakona ya kompyuta, kamene ine sindinakagwirepo. M'kabokosimo mumalembedwa malo amene munthu woyang'anayo waima. Munali dzina la mzinda uno.

Achemwali, manambala amene ndinakutumizirani ndi a thambo la kuno. Kuno tili kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo mapulaneti amayenda chammunsi, kummwera. Kwathu sizili choncho. Titalemba malo a kwathu, kompyuta inaonetsa kuti masiku amene munkatuluka aja Jupita anali pamwamba penipeni pa mutu wanu. Ndi nyenyezi yowala ija munafunsa dzina. Pamwamba pa thanki ya makaniko panalibe pulaneti iliyonse.

Ndiye Bambo anaona chiyani? Funso limeneli landikhalira pachifuwa. Inu simunaone kanthu chifukwa munalibe kanthu. Jupita safuna diso lozolowera, mwana wa zaka zisanu amamuona pa mzinga uja, timiyezi ndi tomwe. Ine ndinamuona ndili wotero. Ndipo chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti ndimadziwa bwino kuti munthu wa maso safunsa manambala kuti apeze Jupita, amangokweza mutu. Ndinayenera kudabwa tsiku lomwelo pamene munati akundipempha. Koma ndinakondwa, ndipo kukondwako kunanditseka nzeru.

Chonde pitani nawo kuchipatala mawa lomwe, musadikire khadi lina. Akakana, auzeni kuti pangano lija silinakwaniritsidwe chifukwa wolakwa ndine. Ngati mukufuna umboni, kalata ino ikafika muyang'ane kumadzulo dzuwa likangolowa. Nyenyezi yowala yosaphethira imene muione chapamwamba, lozani mzinga pamenepo, muone nokha.

Ndikhululukireni. Ndalemba ndi kung'amba kangapo, mawu abwino sakupezeka.

Mzime

11 Januwale

Mzime,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi anatilera choncho, koma mtima wanga suli pamoni.

Makalata athu anaphonyana panjira, ndipo yako inagona ku positi masiku a tchuthi onse. Nditaiwerenga ndinatuluka ndekha ndi mzinga, Bambo akumvera wailesi. Ndinaloza kumadzulo monga unanenera. Sindinavutike n'komwe. Kambale koyera, ndi timadontho tinayi pamzere ngati mabatani a malaya. Ndinaona nthawi yomweyo, ndi diso langa la telala lomweli. N'zokongola, ndipo ndinazida. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa n'kulira ngati pamaliro.

Tinapita kuchipatala Lolemba. Sanakane. Ndinangoti, "Bambo, valani jekete," iwo n'kuvala. Pa basi anagwira mkono wanga njira yonse, chinthu chimene sanachitepo chibadwire changa.

Dokotala anawaunika nthawi yaitali. Akuti ndi matenda amene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha woonera mpaka kuupha pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali. Diso lamanzere linafa kalekale. Lamanja linali ndi kampata kakang'ono pakati, ndipo kampatako katsekeka miyezi yomweyi. Ndinafunsa za opaleshoni. Anati mtsempha ukafa sudzukanso. Ndinafunsanso funso limene sindinayenera kufunsa, kuti tikanabwera mu Sepitembala bwanji. Anayang'ana pafailo, osati pa ine, n'kuti mwina mankhwala odontheza akanasunga kotsalako. Amayi a makaniko, amene anapita pa tsiku lathu, anawapatsa mankhwala ndipo akusankha okha nsalu pashopu panga.

Madzi akatayika sawoleka, ndikudziwa. Koma ndakwiya, ndipo sindikubisira. Ndakwiyira iwe ndi kabokosi kako. Ndakwiyira Bambo. Koposa ndadzikwiyira ndekha, chifukwa ine ndinali pompano. Ndinaona tiyi patebulo, ndinaona dzanja pakhoma, koma ndinakhulupirira pepala lochokera kutali kuposa maso anga, poti pepalalo linkanena zimene ndinkafuna kumva.

Mipando ija ndachotsa. Ndamanga chingwe kuchoka pakhomo la kuchipinda kwawo mpaka kubafa. Makina ndasamutsira pabalaza kuti ndiziwamva akadzuka, ndipo ntchito zina ndabweza. Madzulo sapemphanso mzinga. Ndauimika kuseri kwa chitseko, ndauphimba ndi nsalu yotsala.

Usanditumizire pepani wina, ndilibe poika. Ngati uli ndi chonena, nena tsiku.

Chisamba

20 Febuluwale

Mzime wanga,

Ndine bambo ako. Akundilembera ndi ometa tsitsi, chifukwa mlongo wako akamalemba mawu anga amathiramo ake. Ndamva kuti uli bwino m'thupi. Ine ndikudya, ndikugona, dzanja lapola.

Mlongo wako anandiwerengera kalata imene unati asandiwerengere. Umamudziwa. Akuti kuchokera pamenepo iwe walemba kawiri, ndipo monse ndi misozi yokhayokha. Ndiye tamvera, ndikuuze mmene zinalili, usamadzitenge ngati ndiwe wamkulu pa mlandu uno.

Pamene ndinkapempha manambala, ndinkagula miyezi. Ndinadziwa kuti kalata kupita ndi kubwera, nyengo yozizira idzakhala yatha. Ndinkaopa chipatala. Munthu amene wakhala moyo wake wonse akuyeza malire a minda ya anthu safuna kumva mwana atavala chovala choyera akumuuza pamene pathera pake.

Tsiku loyamba lija, nditayendetsa dzanja pa paipi, ndinadziwa kuti walakwitsa. Paipi inali itagona chammunsi, kuloza kwa makaniko. Zaka zonse ndakhala pabwalo limenelija, palibe pulaneti inadutsapo pamenepo, ndipo mwezi umenewo Jupita amayenera kukhala pa liwombo. Ndinadziwanso chimene unaiwala. Ndinakuuza kambirimbiri uli mwana kuti usanafunse kumene nyenyezi ili, uyambe wadziwa pamene iwe waima. Ndinatsala pang'ono kuseka.

Ndikanatha kunena kuti mwanayu waphonya, kweza paipi. Koma mlongo wako akanaikweza, akanamupeza Jupita, akanati Bambo bwerani muone. Ndipo ine ndikanawerama pamenepo, chinthu chili m'galasi, osachiona, iye ataima pambali panga. Kulakwa kwako kunandipatsa pobisala. Pamalo opanda kanthu, wakhungu ndi wopenya amaona zofanana. Timiyezi tija ndinkatitenga m'mutu, ndatiyang'ana zaka zokwanira.

Choncho iwe unalakwitsa kabokosi kamodzi, zotsalazo ndinachita ndine, ndi nzeru zanga zonse. Sindikunena izi kuti zikutonthoze, chifukwa ineyo sizinditonthoza. Ndinasinthanitsa kuwala kumene kunanditsalira ndi madzulo angapo oti mwana wanga wamkazi azindiyesa munthu woona. Pali masiku amene ndimadzuka, n'kudikira kuti kuche, kenako n'kumva makina akusoka, n'kudziwa kuti kunacha kale. Masiku amenewo ndimalakalaka ndikanapanda kudzuka. Ometa akuti asalembe zimenezo, ndawauza kuti alembe.

Mzinga ndapatsa mlongo wako. Akuti saufuna, koma ndamumva kawiri akuutulutsa.

Usatumizenso manambala. Panopa Jupita walowa m'kuwala kwa dzuwa, saoneka kwa wina aliyense, kwanuko kapena kuno. Pakapita milungu ingapo adzatulukira kum'mawa, m'bandakucha. Zimenezo ndikuzidziwa popanda buku, popanda kompyuta, chifukwa iye sanaphonyepo nthawi yake. Amene ndalephera kumuwerengera ndi iwe. Chaka chamawa chija unanena chafika, ndipo mlongo wako akuti za mapepala sunatchulenso.

Chithunzi chako chomaliza chimene ndili nacho m'mutu ndi cha pa depoti, utavala jekete langa lokukulira, ukukangana ndi kondakitala za katundu. Akuti tsopano uli ndi ndevu. Ine ndevuzo sindidzaziona, kwa ine udzakhala wa jekete lomwelo. Ngati udzabwere ndikadalipo, usadzalowe mwakachetechete kuti undidabwitse monga unkachitira. Udzayambe walankhula uli pakhomo, ndingadzakufunse kuti ndiwe yani.

Uzivala zofunda.

Bambo ako